Uthenga Woitana Ambulansi Umene Sunafike

Linali Lachitatu, kumayambiriro kwa mwezi wa Febuluwale, nthawi itangodutsa 2 koloko masana, pamene foni yanga inalira m'thumba. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti ine si munthu wokometsera nkhani, ngakhale kuyankhula kumene sindiyankhulayankhula. Padutsa zaka zingapo tsopano, koma mvula ikamagunda malata masana, zonse zimandibwerera ngati kuti zachitika lero. Maina sinditchula, la munthu ngakhale la chipatala, chifukwa ambiri mwa anthuwa akadali pa ntchito, komanso palibe amene anachita dala.

Ndimasamala makompyuta pa chipatala china kuno ku Chiradzulu. Sukulu ndinalekezera Fomu 4, zinazi ndinaphunzirira pa ntchito pomwepo, kuyambira kukoka mawaya m'denga mpaka tsiku limene anandipatsa makiyi a kachipinda ka maseva. Seva ndi kompyuta yaikulu yosunga zonse za chipatala, ndipo ife tili nazo ziwiri. Kutsogolo kwa ziwirizo kuli kabokosi kamene a ntchitoyi amati lodi balansa, ife timangoti balansa. Ntchito yake ili ngati ya woitanira pa siteji ya Namadzi. Aliyense wofuna kulowa, kaya ndi foni ya mlangizi wa zaumoyo kumudzi, kaya ndi kompyuta ya ku labu, amayamba wafika kwa iye, ndiye iye n'kumugawira kuti iwe kwera iyi, iwe kwera iyo, kuti minibasi imodzi isadzaze inzake ilibe anthu. Ndipo monga woitanira, munthu akatsika pang'ono amamusungira mpando. Vuto lili pakuti, amusungira mpaka liti?

Mwezi wa Januwale funso limeneli linatizunza. Mafoni a alangizi, netiweki ikathawa, ankasowa osatsanzika, balansa n'kumawasungirabe mipando, mpaka mipando yonse kudzaza ndi anthu amene kulibe, ofuna kulowa n'kumabwerera pakhomo. Ndiye bungwe limene linatipatsa makinawa linatumiza injiniya wake kuchokera ku Blantyre, mtsikana waulemu wa msinkhu wa mwana wanga, amene ankandiitana kuti ankolo. Anabwera Lachiwiri, dzulo lake la tsiku ndikunenali, n'kukonza kuti aliyense akakhala chete mphindi imodzi, balansa amulande mpando. Zipangizo zatsopano sizidandaula nazo zimenezo, zikapeza mpando wapita zimapempha wina mwiniwake osadziwa n'komwe. Tinayesa mafoni, tinayesa makompyuta a m'mawodi, tinatumizanso mawu ku zipatala zing'onozing'ono za kumidzi kuti aliyense atsegule atumize moni, ndipo moni yense anafika. Koma kodi wotumiza moni amakhala chete mphindi yathunthu? Amalemba n'kutumiza pomwepo. Tinaweruka tili okondwa.

Tsopano mumve za mwana wanga woyamba. Anali woyembekezera koyamba, mwamuna wake ali ku Joni, ndiye anapita kukadikirira kumudzi kwa amayi ake, kupitirira Namitambo, kumene kuli kachipatala ka zipinda zochepa. Mayi akunyumba anapita naye kukamudikirira. Kumeneko foni siigwira. Wofuna kuimba amakwera pa chulu china kuseri kwa bwalo la mpira, kataliko ndithu, ndipo pamwamba pa chulucho udzu unatha ndi mapazi. Chimene chimagwira ndi kompyuta ya pa chipatalapo yokha, chifukwa ili ndi mlongoti wake pa denga. Ndi kompyuta yakale, ya chibokosi chachikulu, imene inapita kumeneko itatopa kale kuno. Pamenepo ndi pamene namwino amaitanira ambulansi ndi kulemberana ndi adokotala athu.

Nthawi ya chakudya chamasana mayi anaimba ali pa chulupo, akupuma wefuwefu ndi chimwemwe, kuti kwabadwa mwana wamkazi. Ndinauza dalaivala wathu wa ambulansi, bambo wa nthabwala amene timadyera limodzi pa khonde, ndipo iye anaomba m'manja, amvekere madala mwakwatira mitala ukalamba uno, Lamulungu lomweli mpingo ukudulani. Ndinaseka, ndinamugulira fanta, ndinabwerera ku ntchito.

Ndiye inabwera foni ya 2 koloko ija. Mayi sanapereke moni. Anangofunsa kuti bambo, ambulansi yanuyo yafika pati, poti anamwino akuti anaitana kalekale. Ndinafunsa kuti ambulansi ya chiyani. Anati mwanayu akutaya magazi, zija zotsatira mwana sizinatuluke, ndipo nsalu zonse zimene tinabwera nazo zatha. Ndikumva zimenezo maso anga anali pa windo. Ambulansi inali pansi pa mtengo wa mango, zitseko zili pululu, dalaivala atakhala pa sitepe akutokosa m'mano.

Mmene ndinatulukira sindikumbuka. Ndinawauza mayi kuti asatsike pa chulupo. Kalaliki wolandira maitanidwe a ambulansi anatembenuza kompyuta yake kuti ndidzionere ndekha, ndipo panalibe kanthu kochokera kumeneko kuyambira m'mawa. Dalaivala atamva, nthabwala zinamuthera pomwepo, anataya kamtengo kotokosera kaja n'kunena kuti za mapepala tidzaona pobwera. Anatenga namwino mmodzi n'kuliza galimoto, koma asanatuluke pa geti anatulutsa mutu n'kundiuza kuti madala musanamizidwe, kumapiri kwagwa mvula usiku wonse, kamtsinje ka panjira kakakhala kadzaza ndizungulira, ndipo ndikazungulira musandifunse nthawi. Akuyankhula choncho madontho anali atayamba kale kugwa.

Ndinathamangira kwa adokotala a ku wodi ya amayi, bambo wamtali wosachedwa kupsa mtima koma wodziwa ntchito yake. Anafunsa kuti kumeneko kuli ndani. Ndinati kuli namwino mmodzi yekha, wongoyamba kumene ntchito, mnzake wamkulu anapita ku maliro. Anapukusa mutu n'kunena kuti nsengwa, zija zotsatira mwana, ikatsalira magazi sadikira galimoto, ambulansi ikamafika nkhani idzakhala itatha kale, kaya bwino kaya moipa, ndiye namwinoyo achite yekha pompo, iwo azimuuza chochita. Anatsegula laputopu yawo n'kulemba. Yankho silinabwere.

Ndinaimbira mayi pa chulu paja kuti akauze anamwino atseke tsambalo n'kulitsegulanso. Mayi akunyumba si mwana, ndipo bondo lawo lakumanja linayamba kale kuvuta, koma ndinamva akutsika chothamanga foni isanaduke. Tinadikira. Kenako dzina la kachipatalako linayaka pa laputopu, namwino n'kulemba. Anati anayamba kulemba uthenga woitana ambulansi, wodwala n'kukuwa, iye n'kusiya kukamuona, ndipo atabwerera anamaliza n'kudina kuti upite. Kachizindikiro kanayamba kuzungulira, iye n'kubwerera kwa wodwala mtima uli pansi kuti ambulansi ikubwera, poti kamazungulira choncho tsiku lililonse kenako uthenga n'kupita. Ndani angamudzudzule? Ife tonse kuno tinazolowera kuti kakamazungulira ndiye kuti zikuyenda pang'onopang'ono, umangosiya n'kukachita zina.

Adokotala analemba zoyamba kuchita, za diripi ndi mankhwala, zimene ine sindizidziwa. Namwino anayankha kuti wamva. Kenako zii. Adokotala anafunsa kuti zili bwanji, zii. Anafunsanso, zii. Ananditembenukira, amvekere akulu, makina anuwa ndi a chipatala kapena ndi ochezera? Anati munthu akufa uko inu mwangoima ngati mwabwera kudzaona mpira. Ndinangoti adokotala, ndi mwana wanga. Anandiyang'ana, ndipo kuyambira pamenepo sanandikwezerenso mawu, ankangoti bambo.

Foni inaliranso. Mayi anati anamwino akufunsa kuti adokotala angokhala chete bwanji, iwo anayankha kalekale, kachinthu kaja kakuzungulira. Mwamva? Uku adokotala akudikira namwino, uko namwino akudikira adokotala, pakati pawo mwana wanga akutha magazi. Ndipo kutsegulanso tsambalo sikunali kwa masewera. Namwino ankayenera kusiya wodwala, kuvula magulovu, kulemba pasiwedi, n'kudikira chikompyuta chokalambacho chiganize. Adokotala analanda foni yanga kuti mwina mayi azinyamula mawu pakamwa. Anawauza dzina la mankhwala ndi muyeso wake, mayi anabwereza, anatsika, koma pofika pa windo la wodi mvula ili pamsana mawu aja anali atasokonekera, namwino n'kuwabweza kuti akafunsenso. Pobwerera anati bambo, batire yafiira. Ndinangokuwa kuti akawauze atsegulenso, asatope, atsegulenso, koma ndikukuwa choncho foni inali itazima kale, ndipo sindinadziwe ngati amva.

Ndili chiimire m'khonde, foni yakufa kukhutu, ndi pamene zinandilowa m'mutu. Namwino akamalemba motsatizana zinkayenda. Akangosiya kuti agwire wodwala, zinkafa. Kodi munthu amene ali yekha ndi mayi wotaya magazi angabwerere pa kompyuta mphindi isanathe? Balansa ankamuona ngati foni ija yothawidwa ndi netiweki, n'kumulanda mpando mwakachetechete.

Ndinalowa m'kachipinda ka maseva n'kuimbira injiniya. Anayankha ali mu minibasi ya ku Zomba, nyimbo zili pokopoko. Nditangonena mawu ochepa anati ankolo dikirani, ndipo ndinamumva akumenya denga la minibasi kuti atsike, kondakitala akudandaula kuti achemwali mwalipira ya ku Zomba, pano ndi pa Namadzi. Anathamangira pa khonde la sitolo ina kuthawa mvula. Anamvetsa msanga kuposa ine. Anati pulogalamu yotsegulira masamba ya pa kompyuta yakaleyo siidziwa kupempha mpando wina, imangopitiriza kuyankhula pa waya woduka, ndipo mwiniwake amangoona kozungulira. Anayamba kupepesa, ndinati mwanawe zimenezo tidzakamba mawa.

Ndinati tibweze mmene zinalili, balansa azidikira aliyense nthawi yaitali. Anati ayi ankolo, lero ndi tsiku limene alangizi onse akutumiza za sikelo, ndipo ndi mvulayi mafoni akuduka paliponse, mukatero mipando idzaza ngati mwezi watha, ndiye ngakhale kompyuta ya kumudziyo isowa polowera. Anati njira ndi imodzi, kusiyanitsa. Chipangizo chilichonse chikafika pa balansa chimayamba chadzitchula kuti ine ndine wakuti, wa mtundu wakuti. Ndiye tilembe lamulo lakuti pulogalamu yakale ija ikadzitchula, azisunga mpando wake ola lathunthu ngakhale ikhale chete, koma mafoni akhalebe pa mphindi yawo. Laputopu yake anali ataisiya ku ofesi. Anati ankolo, mulemba ndinu, ine ndizinena.

Ndakhala ndikugwira makompyuta zaka zambiri, koma tsiku limenelo zala zanga zinali ngati chinangwa. Iye akunena, ine ndikulemba, kumbuyo kwake mavenda akuitanira tomato ndi chimanga chootcha, maminibasi akuliza mahutala, mawu ake n'kumabwera moduladula. Adokotala analowa ndi laputopu yawo, ndipo posowa mpando anakhala pa katoni ya mapepala. Nditamaliza, injiniya anati ndiwerenge zonse kuyambira pamwamba. Ndili pakati anandidula. Anati ankolo, lamulo latsopanolo mwaliika pansi pa lamulo la onse, ndipo balansa amawerenga kuchokera pamwamba, akapeza lomukwanira munthu sapitiriranso. Likanakhala pamenepo, bwenzi litangokhala ngati chokongoletsa. Ndinalikweza pamwamba, ndinawerenganso, anati eya.

Kenako anandichenjeza kuti balansa samva lamulo latsopano mpaka umudzutsenso, ndipo pomudzutsa aliyense aduka kanthawi. Akakana kudzuka, chipatala chonse chikhala mumdima, pamodzi ndi a ku labu amene panthawiyo ankakonza magazi oti adzamuike mwana wanga yemweyo. Anafunsa ngati ndikufuna tiyambe tauza akuluakulu. Ndinayang'ana adokotala, adokotala anayang'ana wotchi. Ndinadina.

Timagetsi tobiriwira ta pa kabokosi tinazima. M'kachipindamo munangotsala phokoso la fani ndi mvula pa malata. Kutali m'khonde mayi wa ku labu anakuwa kuti kodi a makompyuta aja apita kuti, zathu zafa kuno. Ine ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Kenako kagetsi kamodzi kanayaka, kena, kena, ndipo pa sikirini anthu anayamba kubwerera, mafoni akukankhana ngati nkhuku pa madeya, labu, mawodi, ofesi. Onse anabwerera kupatula mmodzi.

Kompyuta ya kumudzi ija kunalibe. Inali ikuyankhulabe pa waya wake woduka, ndipo panalibe njira yoti ndiuze namwino kuti tsopano zakonzeka. Ndi foni ya adokotala ndinayesa ya mayi, yozima. Ndinayesa ya mlamu wanga wa kumudziko, sinkapezeka, poti nayenso foni yake imagwira pa chulu pomwepo. Kodi mayi anamva mawu anga omaliza aja? Kodi namwino sanatope nacho chinthu chomunamiza kawiri konse? Kapena panalibenso chifukwa chotsegulira? Funso lomalizali ndinkalikankha, koma linkabwerabe.

Sindikudziwa kuti tinadikira nthawi yaitali bwanji. Kenako mzere watsopano unatulukira pa sikirini yanga, pulogalamu yakale ija itadzitchula dzina lake lonse, ndipo pambali pake panaoneka kuti lamulo lathu laigwira. Laputopu ya adokotala inalira. Namwino analemba mwachidule kuti magazi akadatuluka, manja a wodwala azizira, akuyankha koma movutikira. Adokotala anakoka katoni yawo kufupi n'kulemba kuti palibenso kudikira, aichotse nsengwa ija ndi dzanja. Namwino anayankha kuti zimenezo anangoziona ku sukulu, sanachitepo. Adokotala analemba akuyankhula mokweza, kuti mwanawe, aliyense anayamba tsiku lina, lako ndi lero, ine ndili pompano sindichoka. Anamulembera ndondomeko yonse, chimodzi chimodzi. Namwino anati chabwino. Kenako chete.

Maso anga anali pa mzere uja. Mphindi ija imene balansa ankamudulira inakwana, inadutsa, mzere uli pomwepo. Ndinauza injiniya, anati zikomo Ambuye, ndipo sanadule foni, anangokhala akupuma kukhutu kwanga. Adokotala anakumbukira chinthu china chimene sanalembe, anagunda chipumi, analemba msanga, ndipo chizindikiro chinaonetsa kuti uthenga wafika. Koma yankho silinabwere.

Apa ndi pamene ndinaopa kwenikweni, kuposa poyamba ponse. Poyamba kukakhala chete ndinkati ndi makina, ndipo makina ndimatha kuwatsegula n'kuwakonza. Tsopano makina anali bwinobwino, njira ili yotseguka kuchokera m'kachipinda kanga mpaka m'chipinda chimene mwana wanga anagona, ndipo m'njiramo simunkabwera kanthu. Panalibenso choti ndidine. Dalaivala anaimba pa foni ya adokotala kuti kamtsinje kaja kasefukira, akuzungulira. Ine ndinayamba kuona zinthu zimene sindinaziganize zaka zambiri, mwanayu ali wamng'ono atakhala pa keriya ya njinga ndikupita naye ku sukulu, miyendo ataitambasula kuopa masipoko. Ndinaganiza kuti mkamwini wanga ku Joni ndimuuza chiyani, ndiyambira pati. Ndinaganiza za kakhanda kaja kuti kayamwa kwa ndani. Ndinafuna kupemphera, koma mawu amene ndakhala ndikunena m'tchalitchi moyo wanga wonse anathawa, ndinangotsala ndi akuti Atate, Atate.

Adokotala anali pa katoni paja, maso ali pa laputopu. Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti adokotala, kukhala chete chonchi kukutanthauza chiyani. Sanandiyang'ane. Anati bambo, manja ake ali pa ntchito, akanalemba msanga ndi pamene ndikanaopa, chifukwa wolemba msanga ndi amene alibenso chochita. Ndinagwira mawu amenewo, ngakhale ndinkaona kuti eniake sakuwakhulupirira kwenikweni. Mayi wa ku labu anasuzumira pakhomo kuti adandaule za kuduka kuja, koma ataona nkhope zathu anabweza chitseko pang'onopang'ono.

Laputopu italira sindinathe kuyang'ana pa sikirini. Ndinayang'ana nkhope ya adokotala. Anawerenga chamumtima, milomo ikuyenda, kenako anawerenga mokweza kuti yatuluka yonse, mimba yalimba, magazi achepa kwambiri, ndipo wodwala akupempha madzi akumwa. Anadzuka mwamphamvu n'kugunda mutu pa shelefu ya mawaya, anatukwana mawu amene sindingalembe pano, n'kukhalanso kuti alembe zotsatira. Pa foni injiniya ankafunsa kuti ankolo chachitika n'chiyani, ankolo yankhulani, ndipo nditamuuza analira pa khonde la sitolo ya eni, venda wina n'kumamufunsa kuti achemwali akuberani. Ine ndinangokhala pansi pa simenti.

Masana onsewo mzere uja sunadukenso. Namwino ankalemba, n'kusowa, n'kubweranso, ndipo nthawi zonse ankapeza adokotala ali pomwepo. Ambulansi inabwera nawo dzuwa likulowa. Mwana wanga anamutsitsa ali mbuu ngati phulusa, maso otseka, diripi ili m'mwamba, ndipo anathamanga naye kukamuika magazi. Mayi anatsika pambuyo atanyamula khanda, matope mpaka m'maondo, phazi limodzi lopanda patapata. Ndinkayembekezera kuti andikalipira. Anangondipatsira mwanayo m'manja n'kunena kuti gwirani mkazi wanuyu, ine bondo latha, n'kukhala pa benchi. Anandiuza kuti mawu anga omaliza sanawamve, koma atafika pa windo anangowauza anamwino kuti bambo akuti musatope, poti ankadziwa kuti ndi zimene ndinganene. Ndipo namwino wa kumudzi uja anadzandiuza patapita nthawi kuti uthenga umene adokotala anawonjezera uja unalira manja ake ali pa wodwala, iye n'kutembenuza khosi kuuwerenga osachoka pamene anali, ndipo unamuletsa chinthu chimene anatsala pang'ono kuchita.

Kumudzi nkhaniyi inayenda mwa mtundu wina. Azakhali a mwana wangayo anati uthengawo unachita kumangidwa m'malere ndi munthu wa nsanje, mpaka anatchula ndi mayi wina woyandikana nawo munda amene anakanganapo za malire. Ndinawauza kuti mayiyo amusiye, chimene chinamanga uthenga ndinachiona ndi maso anga, ndipo ndinachimasula ndi zala zangazi. Sanakhutire, ndipo mpaka lero akandiona amati a makina aja abwera.

Chimene ndimakhulupirira ndi chakuti Mulungu anatichitira chifundo kudzera mwa anthu, namwino amene anachita zimene anali asanachitepo, mtsikana amene anatsika minibasi pa mvula, ndi mayi wa bondo lopweteka. Ndimakhulupiriranso kuti makina alibe nkhanza, amangochita zimene anauzidwa, ndipo ife tinawauza za anthu okhala pa desiki manja onse awiri ali pa kompyuta, osawauza za munthu amene ali yekha m'chipinda ndi wodwala. Anzanga a ntchito ngati yangayi, musanaike lamulo limodzi pa onse, fufuzani kuti kumapeto kwa wayako kuli chipangizo chanji, ndipo amene akuchigwirayo amasiya kangati kuti akathandize munthu. Poyesa musatumize moni yekha, yambani mwakhala chete nthawi yaitali kenako mutumize. Ndipo inu nonse, kaya ndinu namwino kaya wodikirira wodwala, mukaitana thandizo pa foni kapena pa kompyuta kachizindikiro n'kumazungulira, musati zapita. Mpaka munthu wa mbali inayo ayankhe kuti ndamva, dziwani kuti simunaitane aliyense, tumani wina akwere pa chulu.

M'mawa mwake ndinalawirira, ndipo sindinayambe ndapita ku kachipinda kanga monga mwa masiku onse. Ndinalowa ku wodi ya amayi nthawi yoona odwala isanakwane, nsapato zili m'manja kuti ndisachite phokoso. Mwana wanga anali mtulo, khanda lili pambali pake, mayi atagona pansi pa mphasa. Sindinamudzutse. Ndinaima kumiyendo kwa bedi n'kumayang'ana bulangete likukwera, likutsika, likukwera, likutsika, mpaka namwino wamkulu wa wodiyo anandipeza n'kunena kuti agogo, amuna salowa muno nthawi ino, tulukani. Ndinapempha kuti ndione kamodzi kokha. Anandilola, bulangete linakwera, ndipo ndinatuluka kukavala nsapato panja.